Apongozi Atandikonzera Njinga

Apongozi anga aamuna anabwera kwathu kudzachotsetsa ng'ala m'maso, ndipo adokotala anaigwira bwino ntchitoyo moti mpaka lero ndili nawo chakukhosi. Maso atangotseguka, mkuluyo anayamba kuona chilichonse m'nyumba mwathu: fumbi pamwamba pa filiji, mng'alu wa kapu, imvi za mwana wawo. Kenaka anaona njinga yanga.

Ine ndimapalasa njinga yampikisano. Sindidyerapo ayi. Ntchito yanga ndi yosita pamalo ena ochapira anthu zovala, pomwe ndimaima tsiku lonse m'nthunzi kuwongola makolala a masuti a eni ake. Koma ndili m'kalabu ya opalasa, ndipo chaka chilichonse nyengo yozizira ikamatha, kalabuyo imasankha amayi anayi okaiimirira ku mpikisano waukulu wa m'mapiri. Chaka chatha ndinali wachisanu. Wachisanu amangomuombera m'manja n'kumupempha kuti akagwirire anzake mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu. Ndinawagwira mabotolowo ndikumwetulira ngati mkwatibwi, mumtima ndikulumbira kuti sindidzagwiranso botolo la munthu. Zaka zikupita, bondo langa lamanzere linayamba kale kudandaula, ndiye ndinati chaka chino zivute zitani ndilowa m'gulu la anayiwo.

Malo a anayiwo munthu amawapezera m'miyezi yozizira, pomwe anthu anzeru zawo amakhala ali m'bulangete. Kunja kumachedwa kucha, kumafulumira kuda, msewu umaterera, choncho m'kati mwa sabata ndimapalasira m'nyumba. Pali chitsulo cha miyendo chomwe chimagwira gudumu lakumbuyo kuti lizizungulira pa kamgolo, iwe n'kumapalasa osasuntha. Ife opalasa timachitcha chigayo chifukwa cha kulira kwake. Nyumba yathu ndi yam'mwamba, yazipinda ziwiri, ndipo malo okhawo amene ndinkaona kuti sindisokoneza munthu anali kanjira kam'kati kopita kubafa.

Ndinkadzuka mbandakucha, n'kuyala mabulangete akale pansi kuti mayi wa nyumba yapansi asagogode siling'i ndi mtengo wa mopu, n'kumapalasa nditayang'anizana ndi chitseko cha bafa. Getsi osayatsa, wailesi osatsegula. Ngakhale kupuma kwenikweniko ndinkapuma mozemba ngati wakuba, kuopa kudzutsa Kabatani, mwana wathu wamkazi, yemwe dzinalo analitengera kutola mabatani m'matumba a epuloni yanga. Bambo a Kabatani okha sindinkawadera nkhawa, iwo aja angathe kugona m'chigayo chenicheni. Akamadzuka ankapeza chigayo changa nditapinda kuseri kwa chitseko, njinga nditatsamiritsa kukhoma, tiyi ali patebulo, yunifolomu ya mwana ili yosita. Palibe anadyapo mochedwa chifukwa cha njinga yanga, ndipo ndinkanyadira zimenezo.

Dandaulo lawo linali limodzi, la banga. Pomwe chishalo chinkakhudza khoma tsiku ndi tsiku panajambulika kamzere kakuda pa penti yoyera.

"Eni nyumba akadzaona izi tidzayankha chiyani?" ankatero, uku akuphwetera tiyi wowira ndi manja anga.

Za chishalocho ndifotokoze bwino, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Bondo langa ndi lamakani. Chishalo chikakwera pang'ono limakoka kumbuyo, chikatsika pang'ono limabaya kutsogolo, ndipo pang'ono amene ndikunenayu safika ndi theka la chala chomwe. Mphunzitsi wa kalabu yathu, amene timawatcha aWenzulo popeza amalankhula ndi wenzulo kuposa pakamwa, anandiuza kuti ndizichisuntha pang'onopang'ono, ndipalase sabata yonse, ndimve zomwe bondo likunena, kenaka ndisunthenso. Ndinatero kuyambira kuzizira kutangoyamba. Nditapeza pomwe bondo linatonthola, ndinakulunga katepi kofiira pa chitsulo chonyamula chishalo kuti pasadzandisowenso. Katepi kameneko kanali thukuta la nyengo yonse.

Apongozi ankagona m'chipinda cha Kabatani, mwanayo n'kumagona nafe. M'mawa wina akupita kubafa anandipeza ndili pa chigayo, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konseko. Anaima ndi ndodo yawo, n'kuwerama kuyang'ana gudumu lomwe limazungulira osapita kulikonse.

"Apongozi, kodi njingayi yatani?" anandifunsa.

"Palibe, bambo. Ndikuchita masewera."

"Imayenda?"

"Imayenda bwinobwino, bambo."

Anati "Hmm," n'kulowa kubafa. Mkuluyu unyamata wake wonse anautsirizira pa njinga, kugawa buledi m'magolosale, mabokosi atasanjikizana kumbuyo mpaka kupitirira mutu. Ndikanadziwa kulemera kwa "hmm" ameneyo, njinga ndikanayamba kugona nayo pabedi, bambo a Kabatani n'kukagona m'kanjira.

Tsiku losankha anayi aja linali Loweruka. Lachinayi madzulo ndikubwera kuntchito, miyendo ili phwii, ndinapeza pabalaza pali msonkhano. Apongozi anali atavala jekete, atakhala pampando waukulu. Kabatani ankadumphadumpha. Bambo ake ankayang'ana kapeti ngati akuwerenga ulusi. Pakati pa onsewo panali chinthu chofunditsidwa nsalu yanga yapabedi, yoyera ija ya alendo.

"Khalani pansi, apongozi," anatero mkuluyo. "Inu mwandisamala. Mankhwala a m'maso mwandidonthezera, osatopa, osanyinyirika. Ine ndilibe chokubwezerani. Koma chinthu chimodzi chokha ndimachidziwa padziko pano, ndicho njinga. Kabatani, vundukula."

Mwana anakoka nsalu ija.

Poyamba sindinaizindikire. Kumbuyo kunali kaliyala yachitsulo, yonenepa, yoti n'kukhalapo munthu ndi katundu wake. Madigadi kutsogolo, madigadi kumbuyo. Sitandi. Mahandulo anga opindikira pansi aja anali atawatembenuza, akuloza kumwamba ngati nyanga za mbuzi. Mapedulo anga, amene amalumana ndi nsapato zopalasira, kunalibe, m'malo mwake kunali zimapedulo zalabala. Chishalo chinali china, chachikulu, cha masipuling'i, atachitsitsa mpaka pansi penipeni. Katepi kofiira panalibe. Ndipo pahandulo panakhala belu lonyezimira, lomwe Kabatani analiliza kawiri kuti ndimve kukoma kwake.

M'khosi munabwera mawu ambiri, ndipo onse anali oti munthu sungalankhule pamaso pa apongozi.

"Amene anakugulitsani anakuberani," mkuluyo anapitiriza, nkhope ikuwala. "Anachotsa zonse n'kukupatsani mafupa. Chishalo ngati mpeni. Mahandulo aja anapindika, njingayi inagwapo ndithu. Nanga kukwera kwake kuja? Munthu wamayi mapazi azifika pansi. Matayala okha ndiye atikanika, makaniko akuti onenepa sakulowa, koma tidzaona mtsogolo. Ine nditakuonani m'mawa uja mtima unandiwawa. Ndinati taonani mwana wa eni, akupalasira mumdima, m'kanjira kopita kubafa, chifukwa cha manyazi. Tsopano muzituluka nayo masana ngati anzanu."

Paja amati chifundo chinapha nkhwali, ndipo tsiku limenelo nkhwaliyo ndinali ine. Ndinagwira mtima, n'kuyang'ana pansi monga ayenera mkamwana, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, bambo. Mwavutika."

Kuchipinda ndinatseka chitseko n'kuyamba kukalipa monong'ona, kukalipa kotopetsa kuposa kwina kulikonse.

"Njinga ija inatsika bwanji masitepe? Bambo ayenda ndi ndodo."

"Ndinawanyamulira ine," anayankha bambo a Kabatani. "Nanga ndikanatani? Ndi bambo anga. Amati akufuna akudabwitseni."

"Andidabwitsadi! Inuyo simunaone kuti akuiwononga?"

"Ine za njinga ndimazidziwira kuti? Komanso mmene ikuonekeramu si yakongola? Kaliyala ija muzinyamulirapo Kabatani popita kusukulu."

"Bambo a Kabatani, Loweruka lino kuli chiyani?"

Anakanda m'mutu. Ndinawaona akufufuza m'bongo mwawo, akudutsa masiku akubadwa, akudutsa msonkhano wa makolo kusukulu.

"Kuli... kupalasa kwanu kuja?"

Kupalasa kwanga kuja! Nyengo yonse ndakhala ndikudzuka pambali pawo kukuzizira koti madzi a pampopi amaluma mano, iwo n'kumakokera bulangete langa kwawo. Ndinawauzapo za anayi aja kangati? Ankati "eya, eya," maso ali pa foni. Apongozi anachita kusadziwa, ndipo sindikanawaimba mlandu waukulu. Koma uyu, wogona naye nyumba imodzi, ananyamula njinga yanga paphewa kukaipereka yekha kokaiphera, akuimba mluzu.

Lachisanu ndinapempha abwana kuti ndiweruke masana. Abwana athu timawatcha Mayi Sitalichi, dzina la mankhwala oumitsira makolala aja, ndipo sindikufunika kufotokoza chifukwa chake. Anandiloza mulu wa nsalu za patebulo za hotela ina n'kunena kuti ndikatsiriza ndizipita. Ndinasita ngati ndikumenya munthu. Nthunzi inkandiwotcha mikono, ine osamva. Nditatha ndinathamangira kunyumba, n'kutsitsa chilombo chija masitepe, kulemera ngati ndanyamula geti, n'kuchikankha mpaka kwa makaniko wa pakona pa msewu wathu.

Makanikoyo atandiona anaika sipanala pansi n'kukweza manja.

"Mayi, musandiphe. Ine ndinawauza madala aja kuti iyi ndi yampikisano, sitiika kaliyala. Anandifunsa kuti ndinabadwa liti."

"Ndiye inu munangomvera?"

"Amuna anu analipo. Ndinawayang'ana, iwo n'kugwedeza mutu kuti pangani. Ndiye ine ndine yani?"

Mwayi wake zinthu zanga anali asanataye. Chishalo ndi mapedulo anazitulutsa m'katoni ya zitsulo zakutha. Tinagwirizana awiri, iye akumasula uku, ine uko. Kaliyala inachoka, madigadi anachoka, sitandi inachoka, mahandulo anabwerera m'malo mwake. Belu lokha linakana. Mkulu uja anaumirira kulimanga yekha ndi mphamvu zake zonse za buledi, mpaka mutu wa sikuluwu unaphwanyika, ndipo makaniko anati kulichotsa n'kudula ndi sowo, zomwe zikanatha kukanda handulo. Ndinati lisiyeni.

"Nanga katepi kofiira kanali apa?" ndinafunsa.

"Kaja? Madala anati ndi uve. Ndinamatula, n'kupukuta ndi palafini, n'kupaka girisi watsopano." Anachitulutsa chitsulo chonyamula chishalo chija kundionetsa, akunyadira. Chinali kung'anima kuyambira kumwamba mpaka pansi, popanda ndi kachizindikiro komwe.

Ndinakhala pa tayala lakutha, manja ali m'masaya. Kupeza malo aja kunanditengera nyengo yonse, ndipo ndinali ndi madzulo amodzi. Ndiye mwadzidzidzi ndinakumbukira banga. Kamzere kakuda kaja, kamene bambo a Kabatani ankalira nako m'mawa uliwonse! Chishalo chinkakhudza khoma pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. Kungotsamiritsa njinga pomwe ndimaiika, n'kukweza chishalo mpaka chilingane ndi kamzereko, basi ndapulumuka. Ndinadzuka ngati ndalumidwa ndi linthumbu, njinga paphewa, masitepe awiriawiri, bondo ndikulipepesa.

Fungo linandichingamira ndisanatsegule chitseko.

M'kanjira muja munali bambo a Kabatani, atavala malaya akale, manyuzipepala atayala pansi, burashi ili m'manja. Khoma lonse linali mbee, lonyowa, kuyambira pachitseko cha bafa mpaka pabalaza.

"Nanenso ndaweruka msanga," anatero, akumwetulira mwamanyazi. "Ndaganiza zomwe munanena dzulo. Ndalakwa, mayi a Kabatani. Ndiye ndati malo anu opalasirawa ndiwakonze, mukabwera mupeze poyera. Banga lija linavuta, ndachita kulipala kaye ndi sandipepala."

Ndinatsitsa njinga pang'onopang'ono. Munthu ameneyu babu ya kubafa inamukanika kusintha chaka chathunthu, tinkasamba ndi tochi. Shelefu ya kukhitchini anailonjeza Kabatani asanamere mano. Lero, lero lenilenili, ndi pomwe mzimu wa upenta unamugwera! Ndinayandikira khoma, n'kuyang'ana chapambali, n'kuyatsa tochi ya foni, mwina kamzere kangaonekere pansi pa penti. Anapaka kawiri. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo m'nyumba muno, iyi yokha ndiye anaigwira mwaluso.

"Simukukondwa?" anafunsa.

Apongozi anali pabalaza, chitseko chili pululu, ndiye sindikanakuwa. Ndinangoti, "Mwaphimba chizindikiro chomaliza cha chishalo changa," ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa pang'onopang'ono mmene nkhaniyo inkalowa. Sizinandithandize kanthu. Madzi akatayika saoleka.

Madzulo amenewo ndinayesa mongoyerekeza. Ndinakweza, ndinatsitsa, ndinapalasa pang'ono pa chigayo pakati pa fungo la penti. Koma bondo langa silinena maganizo ake nthawi yomweyo, limadikira phiri. Ndinamanga pomwe panaoneka ngati pomwepo n'kukagona ndi mkwiyo wanga.

Loweruka kunacha ndi chifunga. Tinakumana kunja kwa tauni, amayi tonse ofuna malo tikupumira utsi m'kamwa, tikudumphadumpha kuti magazi ayende. Mnzanga wina analoza handulo yanga n'kufunsa ngati ndayamba kugulitsa ayisikirimu. Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo kuti ndisalire. AWenzulo analiza wenzulo wawo, tinanyamuka.

Miyendo inalipo, ndiyenera kunena zimenezo. Mbandakucha yense uja sanapite pachabe. Pachigwa ndinali m'gulu lotsogola, mpweya ukulowa bwino, ndipo pachitunda choyamba ndinasiya anthu amene chaka chatha ankandisiya. Tikuyamba phiri lomaliza ndinali wachitatu. Belu linkalira lokha pa kabampu kalikonse, ngili, ngili, ngati likundiseka. Chapakati pa phirilo bondo linayankhula. Linabaya kutsogolo, pansi pa chivundikiro cha bondo penipeni, ndipo ndinadziwa kuti chishalo chatsika. Ndinaimirira pamapedulo, linabaya. Ndinakhala, linabayabe. Ndinayamba kukankha ndi mwendo umodzi, winawo ukungotsatira. Wina anandidutsa, ndinati palibe kanthu, wachinayi ndi malo ndithu. Mzere womaliza ukuoneka, aWenzulo ataima ndi jekete lawo lachikasu, ndinamva kupuma kwa munthu kumbuyo kwanga. Anali mnzanga wa ayisikirimu uja. Anandidutsa osandiyang'ana, ndipo sindimuda, inenso ndikanatero.

Wachisanu. Kachiwiri.

AWenzulo anabwera ndili chikhalire m'mbali mwa msewu, nditagwira bondo. Anayang'ana njinga kamodzi kokha.

"Chishalo chako chatsika. Wachitani?"

"Anandikonzera kunyumba."

Anapukusa mutu. "Pepa. Unali bwino chaka chino, ndinakuona. Koma lamulo ndi lamulo." Kenaka anayamba, "Tsono za mabotolo pa tsiku la mpikisano..."

"Ayi, aphunzitsi," ndinatero. "Funani wina."

Bondo ndinalipumitsa masiku angapo. M'nyumba munali bata la pamaliro. Bambo a Kabatani anasintha babu ya kubafa popanda wowauza. Apongozi anali atamva nkhani yonse kwa mwana wawo, ndipo ankangokhala pampando, maso awo atsopanowo ali pansi. Ine ndinkaphika, ndinkasita, koma mumtima munkabwerera mawu a mkuluyo akuti ndinkapalasira mumdima chifukwa cha manyazi. Anandipsetsa mtima kuposa kaliyala. Ndinadzipinda ngati chigayo changa, kudzibisa kuseri kwa chitseko kuti anthu agone mwamtendere, ndipo malipiro ake n'kuti m'nyumba yonse munalibe wodziwa kuti ndikuchita chinthu chenicheni.

Kutupa kwa bondo kutaphwa, tsiku lina nditangofika kuchokera kuntchito, nthawi imene ndimayenera kukhala ndikusenda anyezi, ndinatulutsa chigayo kuseri kwa chitseko. Ndinachidutsitsa m'kanjira koyera kaja n'kukachitambasula pabalaza, pakati pa sofa ndi wailesi yakanema. Mabulangete sindinayale. Magetsi onse ndinayatsa. Ndinamangirira njinga, n'kuika katepi kofiira katsopano patebulo pomwe aliyense angakaone, n'kukwera. Chigayo chinayamba kulira, ndipo nkhani za pa kanema zinamira.

Bambo a Kabatani anasuzumira uku ndi uku kufuna kuona kanema, kenaka anayang'ana kukhitchini.

"Nanga chakudya?"

"Mapoto ali mmene amakhalamo."

Apongozi anakweza mutu. Anayang'ana gudumu, anayang'ana miyendo, anayang'ana thukuta likuyamba kudontha pa kapeti. "Apongozi," anayamba motsitsa mawu, "ine ndimayesa..."

"Ndikudziwa, bambo," ndinawayankha mwaulemu wonse, uku ndikupalasa. "Koma sindinkabisala chifukwa cha manyazi ayi. Ndinkabisala kuti inu nonse mugone. Chishalochi ndiyambiranso kuchifufuza, ndipo zitenga nthawi. Muzipirira phokoso."

Pansi pa mapazi athu panamveka gu, gu, gu. Mayi wa nyumba yapansi anali atapeza mopu wake. Ndinasintha giya n'kuwonjezera moto. Kukhosi kutauma, ndinatambasula chala n'kuliza belu lija, ngili, ngili.

"Madzi," ndinatero.

Bambo a Kabatani anapita kukhitchini n'kubwera ndi botolo. Ndinamwa, n'kuwabwezera. Anafuna kuliika patebulo kuti akhale pansi.

"Gwirani," ndinatero. "Ndifunanso."

Anayang'ana bambo awo, kufuna wowapulumutsa. Mkuluyo anasendeza ndodo yake kuti isagunde gudumu, n'kunena kuti, "Gwira bwino, iwe."

Anaima pamenepo m'mbali mwanga, botolo lili m'manja, mpaka nditamaliza.